Ndikufuna kukhala phungu wa za maganizo wa laisensi kuno ku America, ndiyambire pati?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Indiana, ndaufupikitsa pang'ono:

"Zikomo achemwali. Ine ndili ndi zaka 38, ndinaphunzira za uphunzitsi ku Chancellor College ndipo ndinaphunzitsako ku sekondale ndisanabwere kuno. Pano ndili ndi green card, ndimagwira ya CNA (yothandiza manesi kusamalira odwala) ku nursing home shifti ya usiku, ndili ndi ana awiri komanso kumudzi akuyang'ana ine. Chaka chatha mchimwene wanga anadzipha kumudzi konko, palibe amene anaona kuti zikubwera. Chichokereni pamenepo mtima ukungondiuza kuti ndiphunzire za uphungu wa maganizo mpaka ndikhale ndi laisensi. Koma ndikalowa pa intaneti mutu umangozungulira, kaya LMHC, kaya LPC, kaya CACREP, ndiye masukulu ena akungondiimbira foni tsiku ndi tsiku. Digiri yanga ya kumudzi angailandire? Zitenga zaka zingati? Ndingakwanitse ndikugwira ntchito? Ndikadzabwerera kumudzi pepalalo lidzagwira ntchito? Kapena ndachedwa kale?"

Achemwali, pepani kwambiri ndi imfa ya achimwene. Nkhani imeneyo ndibwereranso nayo chifukwa ikukhudza kwambiri zomwe mukufuna kuchitazi, koma ndiyambe ndi kukutsitsani mtima: simunachedwe ngakhale pang'ono. M'makalasi a mastazi ya uphungu mumakhala anthu ambiri a zaka za m'ma 30 ndi 40, ena kuposa pamenepo, aphunzitsi, manesi, abusa, anthu amene moyo unawaonetsa kale zinthu. Pa ophunzira amene ndawayang'anirapo pa ntchito, amene anagwirapo ntchito ngati yanuyo yosambitsa ndi kudyetsa agogo amene sakukumbukiranso dzina la mwana wawo amabwera ndi chinthu chomwe buku siliphunzitsa, amatha kukhala pafupi ndi munthu amene akuvutika osathawa komanso osanyansidwa. Digiri yanu ya Chanco nayo si vuto. Masukulu ambiri safuna kuti digiri yoyamba ikhale ya psychology, amangofuna bachelor's yovomerezeka. Adzakuuzani kuti transcript yanu ipite ku bungwe loyeza madigiri akunja, monga WES, kuti aone ngati ikufanana ndi ya kuno, ndipo yambani msanga kuitanitsa mapepalawo ku Zomba chifukwa zotumiza kuchokera ku sukulu kupita ku bungwe zimatha kudya miyezi.

Tsopano mafoni akukuimbiraniwo, asiyeni kaye alire. Amene akuimbayo ntchito yake ndi kudzaza kalasi, ndipo sindikunena kuti ndi wakuba, koma iye si amene adzakupatseni laisensi. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera. Sukulu imapereka digiri basi, laisensi imaperekedwa ndi bodi ya state yomwe mukukhala, ndipo state iliyonse ili ndi malamulo ake. Zili ngati sukulu yoyendetsa galimoto, mutha kulipira n'kumaliza bwinobwino koma chiphaso chimachokera ku Road Traffic, ndiye ngati sukuluyo sinakuphunzitseni zomwe a Road Traffic amafuna ndalama zija zapita. Choncho poyambira penipeni ndi pa tsamba la bodi ya ku Indiana, dzina lake ndi Behavioral Health and Human Services Licensing Board, muwerenge zomwe amafuna, kenako muzifunsa sukulu iliyonse kuti "pulogalamu yanuyi ikukwaniritsa zimenezi?" ndipo akuyankheni polemba, osati pafoni.

Zilembo za LMHC ndi LPC zikukuzunguzanizo ndi mayina a laisensi ya ntchito imodzi yomweyo, mayina okha ndi amene amasintha mukawoloka malire. Ku Indiana kwanuko ndi LMHC, chimodzimodzi ku New York, Florida ndi Massachusetts. Mukangokwera kumpoto kulowa Michigan ndi LPC, ku Texas nakonso LPC. Ku Illinois ndi LCPC, ku Ohio LPCC. Zinakhala chonchi chifukwa ma state sanayambire limodzi, Virginia ndi imene inayamba kupereka laisensi kwa aphungu mu 1976 ndipo California inali yomaliza mu 2009. Ndiye ngati mukuganiza zodzasamuka, kaya kutsata ntchito kaya abale, werenganinso malamulo a kumeneko panopa. Kuli mgwirizano wa ma state wotchedwa Counseling Compact wofuna kuti laisensi izitha kugwira ntchito m'ma state ena, koma umenewo ndi wa amene anatenga kale laisensi yonse, osati wophunzira.

CACREP ndi bungwe loyendera mapulogalamu a uphungu n'kuwavomereza, linayamba mu 1981. Ine langizo langa ndi limodzi ndipo sindizengereza nalo: sankhani pulogalamu ya Clinical Mental Health Counseling yovomerezedwa ndi CACREP, ya makirediti 60. Alipo mapulogalamu abwino amene alibe chivomerezo chimenechi, sindikukana, koma inu muli ndi ana awiri ndi anthu okudalirani, mulibe ndalama zoyesera. Ma state ena anayamba kale kufuna digiri ya mtundu umenewu, olemba ntchito ena a boma monga zipatala za asilikali opuma amaifunanso, ndipo mukasamuka bodi yatsopano siichedwa nayo chifukwa imadziwa kale zomwe munaphunzira. Chenjerani ndi mawu okometsera monga "timatsatira muyezo wa CACREP", kutsatira ndi kuvomerezedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Lowani pa tsamba la CACREP lenilenilo mufufuze dzina la pulogalamuyo, ngati palibe ndiye kuti palibe. Chenjeraninso ndi mastazi ya general psychology ya makirediti 36 kapena cha pompo, imaoneka yaifupi ndi yotchipa koma siikufikitsani ku laisensi, ndaonapo anthu akulira atazindikira zimenezi digiri ili kale pakhoma.

Za pa intaneti kapena za m'kalasi, zonse zilipo zovomerezeka. Funso loti muwafunse a pa intanetiwo ndi lakuti malo a internship adzakupezerani ndani, iwo kapena inu nokha, chifukwa ena amangokusiyani muziyenda khomo ndi khomo.

Musanalipire kobiri, imani kaye muone misewu ina yoyandikana nayo. Phungu wa laisensi salemba mankhwala. Ngati mtima wanu uli ku mankhwala, ndipo muli kale m'dera la unesi, msewu wake ndi wa unesi mpaka psychiatric nurse practitioner, ndi wautali koma ulipo. Ngati mumakonda kuthandiza munthu kupeza nyumba, chithandizo cha boma, za ana ndi zina zotero pamodzi ndi uphunguwo, onaninso mastazi ya social work yomwe imafikitsa ku laisensi ya LCSW, zipatala zambiri zimawalemba anthu amenewa. Psychologist amafuna doctorate, zaka zambiri. Koma ngati chomwe mukufuna ndi kukhala m'chipinda ndi munthu, sabata ndi sabata, kumuthandiza kumasula zomwe zamumanga mumtima, uphungu ndi wanu.

Zaka zake tiwerenge chilungamo. Makirediti 60 amatenga zaka ziwiri kapena zitatu kwa amene akuphunzira nthawi zonse, kwa wogwira ntchito ngati inu ndi zitatu kapena zinayi. Mukamaliza simunathe, ku Indiana mumatenga kaye laisensi yaing'ono ya LMHCA n'kugwira maola 3,000 kwa zaka ziwiri muli pansi pa supervisor, ndipo maola 100 mwa nthawi imeneyo ndi okhala naye pansi kukambirana za anthu amene mukuwathandiza. Palinso mayeso a bungwe la NBCC, NCE ya mafunso 200 osankha yankho, ndi NCMHCE yomwe amakupatsani nkhani ya munthu n'kukufunsani kuti vuto lake ndi chani ndipo mungayambe bwanji. Kuphatikiza zonse ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mudzakhala ndi zaka 44 kapena cha pamenepo, ndi zaka 20 zogwira ntchito zikukudikirani kutsogolo, ndipo ndi ntchito yosathyola msana ngati yonyamula odwala.

Makalasi enieniwo simudzavutika nawo, munthu woti anadutsa ku Chanco. Kakulidwe ka munthu kuyambira ukhanda mpaka ukalamba, malamulo ndi khalidwe la pa ntchito, uphungu wa pagulu, kuyeza ndi kuzindikira matenda pogwiritsa ntchito buku la DSM-5-TR, kafukufuku pang'ono, njira za anthu monga Carl Rogers ndi Aaron Beck. Kuwerenga n'kochuluka, kulemba n'kochuluka, koma zimatheka ngakhale pa break ya 3 koloko usiku.

Pomwe anthu athu amagwera ndi chaka chomaliza, ndipo ndikufuna mumvetse bwino apa. Pulogalamu ya CACREP imafuna practicum, gawo loyamba lophunzira muli pa ntchito, ya maola osachepera 100, mwa amenewo 40 muli maso ndi maso ndi munthu, kenako internship ya maola 600, mwa amenewo 240 maso ndi maso. Malo ambiri salipira kanthu pa maola amenewa, ndipo inu mukulipirabe fizi ku sukulu. Internship yokhayo imatanthauza maola pafupifupi 20 pa sabata kwa masemesita awiri, ndipo ndi masana, chifukwa kiliniki ndi supervisor amagwira masana. Ndiye taganizani, mwaweruka 7 koloko m'mawa, mwaperekeza ana, 9 koloko mwakhala pampando moyang'anizana ndi mtsikana amene akulankhula motsitsa mawu za zomwe anamuchita ali mwana, ndipo maso anu akulemera. Zimenezo si chilungamo kwa iye, kwa inunso ayi. Ndaona ophunzira anzeru akusiya pa malo amenewa, osati chifukwa cholephera mayeso koma thupi linangokana. Choncho chaka chimenecho chikonzekereni kuyambira tsiku loyamba. Muzisungako kangachepe mwezi ndi mwezi m'zaka ziwiri zoyambazo, mulankhule ndi abwana anu msanga za kuchepetsa mashifti kapena kugwira kumapeto kwa sabata kokha, ndipo chovuta kwambiri, muwauze akumudzi chaka chisanafike kuti nthawi yakutiyakuti ndalama idzachepa. Ndikudziwa kuti foni imeneyo ndi yolemera kuimba, makamaka banja lili ndi chisoni chotere, koma kuwauza kudakali kutali kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kungozimitsa WhatsApp pakati pa chaka.

Pa ndalama muli ndi mwayi chifukwa cha green card, mutha kulemba FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma pa fizi, n'kupeza ngongole ya boma ya ophunzira a mastazi, yomwe ndi $20,500 pa chaka. Malamulo a ngongolezi akhala akusintha, ndiye funsani ku ofesi ya financial aid zomwe zilipo chaka chimene mukulowacho. Yambani ndi mayunivesite a boma a mu state yanu, fizi yake imasiyana kutali ndi ya masukulu ochita bizinesi aja, ndipo laisensi yake ndi yomweyo, palibe amene amafunsa kuti munalipira zingati. Funsaninso kuntchito ngati amathandiza pa fizi, lamulo limalola bwana kupereka mpaka $5,250 pa chaka popanda msonkho, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti kampani yawo ili nazo. Mukadzagwira ku boma kapena ku bungwe losachita phindu, pali pulogalamu ya PSLF yomwe imakhululukira ngongole yotsala mukalipira ka 120, zomwe ndi zaka 10. Malipiro a ntchitoyi si a udokotala. Chiwerengero cha boma cha 2024 chinaika malipiro apakati pa $59,000 kapena cha pamenepo pa chaka, ndipo zaka ziwiri za LMHCA zija kawirikawiri zimakhala pansi pa pamenepo. Zinthu zinasinthako bwino kuyambira January 2024 pomwe Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, inayamba kulipira aphungu, ndipo kwa inu amene mumadziwa kale okalamba limenelo ndi khomo lotseguka. Koma musatenge ngongole ya $100,000 pa ntchito ya malipiro amenewa, chonde. Pofuna ntchito yoyamba ija funsani ngati supervision ndi yaulere pamalopo, chifukwa kwina mumalipira supervisor m'thumba mwanu.

Kwa ena amene mukuwerenga muli pa visa ya sukulu ya F-1, nkhani yanu ndi ina, FAFSA mulibe, ndipo OPT, chilolezo chogwira ntchito mukamaliza sukulu, kawirikawiri ndi miyezi 12 pomwe maola a laisensi amafuna zaka ziwiri, ndiye kaonaneni ndi ofesi ya ophunzira akunja musanayambe.

Tsopano chomwe sachilemba pa zotsatsa za masukulu. Ife tinakulira kwa alangizi, ankhoswe ndi akulu a mpingo, munthu akabwera ndi vuto timamukhazika pansi n'kumuuza chochita, ndipo inu ndinu mphunzitsi, pakamwa panazolowera kufotokoza. Uphungu wa mtundu uwu umakuvulani zimenezo. Mu practicum adzakujambulani pa vidiyo muli ndi munthu, mwachilolezo chake, kenako mudzaionera limodzi ndi supervisor ndi anzanu a m'kalasi. Supervisor amaimitsa vidiyo ija n'kunena kuti taonani apa, bamboyu anangoti "kunyumba kulibenso kanthu" n'kuyang'ana pansi, chala chikupalasa m'mphepete mwa kapu, anatsala pang'ono kunena chachikulu, koma wophunzira uja chete anamuwopsa ndiye anathamangira kunena kuti limbani mtima zikhala bwino, bambo aja n'kumwetulira n'kuvomera, khomo n'kutsekeka. Pafupifupi wophunzira aliyense amadutsa pamenepa. Kuphunzira kukhala chete masekondi khumi osadzaza mpata ndi mawu kumatenga miyezi, ndipo ndi kumene ntchito yagona. Mudzaphunziranso kufunsa funso lomwe kwathu timaliopa ngati kulodza, kumuyang'ana munthu n'kunena kuti "kodi mukuganiza zodzipha?", mosazungulira. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu, ambiri amapuma mpweya waukulu chifukwa wina wayerekeza kutchula chomwe akhala akusenza okha.

Malire nawo adzakuvutani chifukwa ife kuno ndife ochepa ndipo timadziwana. Mukangoyamba sukulu mbiri idzamveka, ndipo pa chinkhoswe, pa maliro, pa khomo la tchalitchi anthu adzayamba kukukokerani pambali. Malamulo a ntchito salola kuti mukhale phungu wa mnzanu, m'bale wanu kapena wa mu kwaya yanu, ndipo mukadali wophunzira simuloledwa kuthandiza aliyense kunja kwa malo amene mukuyang'aniridwa. Mutha kumvetsera ngati mlongo n'kumulozera koyenera. Chinsinsi cha munthu simuuza ngakhale amuna anu, kupatula pomwe lamulo likukukakamizani, monga mwana akuzunzidwa kapena moyo uli pangozi. Chikhulupiriro chanu palibe amene adzakulandeni, koma simudzamuumiriza nacho munthu amene wabwera kwa inu, ngakhale moyo wake ukhale wosiyana kotheratu ndi zomwe mumakhulupirira. Dzifunseni panopa ngati mungakhale naye munthu woteroyo ndi mtima wonse.

Ndibwerere kwa achimwene. Aphungu abwino ambiri analowa ntchitoyi kudzera pa bala, ndiye sindikuona cholakwika pa chomwe chakukokani. Koma chaka chimodzi n'chachifupi, ndipo mawu anu aja oti palibe amene anaona kuti zikubwera ndawamva kwa anthu ambiri ofedwa mwa njira imeneyi, pansi pake pamakhala funso loti bwanji ine sindinaone. Digiri siyankha funso limenelo. Ndipo tsiku lina mu internship adzalowa mnyamata wa msinkhu wawo, wolankhula ngati iwo, ndiye ngati bala lija silinasamalidwe mudzayamba kupulumutsa achimwene kudzera mwa iye, mudzamugwira mwamantha, mudzalephera kugona, iyenso adzaona. Choncho ndikukupemphani, musanalembe application kapena pamene mukulemba, khalani kaye pa mpando winawo, pezani phungu wanu. Onani ngati inshuwalansi ya kuntchito kapena EAP, pulogalamu ya kuntchito yothandiza antchito pa mavuto awo, ikulipira, ndipo bungwe la American Foundation for Suicide Prevention limathandiza kupeza magulu a anthu amene abale awo anadzipha. Mudzaphunziranso zambiri za ntchitoyi pongoona momwe iye akukumverani. Ngati tulo tasowa kwa masabata, chakudya sichikulowa, mukulephera kugwira ntchito kapena kusamalira ana, musadikire, kaonaneni ndi dokotala kapena phungu sabata yomweyino. Ndipo ngati maganizo ofuna kutsatira achimwene akufikirani, ngakhale kamodzi usiku, imbani kapena lembani uthenga ku 988 nthawi yomweyo, ndi yaulere ndipo imayankhidwa usana ndi usiku. Anawonso muwayang'ane, amalume awo anapita ndipo ana amamva zambiri kuposa zomwe timawauza.

Za kumudzi, laisensi ya Indiana ndi ya Indiana, siyenda nanu pa ndege. Chomwe chimayenda ndi digiri ndi luso, ndipo zimenezo kumudzi zikufunika kwambiri, dziko lonse chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo ndi cha ku Zomba chija, ndipo a St John of God ku Mzuzu akhala akusenza mbali yaikulu, kuthandiza odwala komanso kuphunzitsa aphungu pa koleji yawo. Mukadzafuna kubwerera mudzalembere a Medical Council of Malawi muwafunse za kalembera wa munthu wa maphunziro ngati anu, komanso mabungwe amene mukufuna kugwira nawo, musanagule tiketi. Ngati cholinga ndi kubwerera m'zaka ziwiri zitatu zikubwerazi, ndiye tikambirane zina, chifukwa ngongole ya madola kuibweza ndi malipiro a makwacha ndi goli, mwina kuphunzira konko kungakhale kwanzeru. Koma ngati ana akukulira kuno ndipo muli pano zaka khumi zikubwerazi, tengani ya kuno mpaka laisensi yonse. Ndipo kuyambira semesita yoyamba tsegulani foda imodzi, musungemo syllabus ya kalasi iliyonse, mapepala a maola a practicum ndi internship osainidwa, dzina ndi nambala ya laisensi ya supervisor aliyense, chifukwa bodi iliyonse, kaya ya Michigan kaya ya ku Lilongwe, idzakufunsani zimenezi, nthawi zina patapita zaka zambiri supervisor uja atapuma kale ntchito.